Nthiwatiwa ya Pansi pa Chikho

Chikho chimene chinatichotsera ulemu pamudzi ndinachitulutsa ndine, tsiku la chinkhoswe changa. Ndiyambire pamenepo, kuti wina asadzanene kuti ndinabisa mbali yanga. Chinali chowala ngati siliva, cha mwendo umodzi, ndipo chinkakhala m'sutikesi ya mayi anga, a Nangozo, chokulungidwa m'duku. Anabwera nacho ndi bambo awo, amene anali mtengatenga pa nkhondo yoyamba ya azungu, kumpoto uko. Ankati anachitola m'nyumba ya Mjeremani imene eni ake anathawa tiyi ali pamoto. Kaya kutola kotere Mulungu amakutcha chiyani, izo n'za agogowo ndi Mjeremani wawoyo. Koma mayi anga sanabe kanthu ka munthu.

Tsikulo ndinkafuna akuchimuna aone kuti kwathu sikunali kosauka monga ankaganizira. Ndinatsanulira thobwa m'chikhomo n'kukagwada pamaso pa nkhoswe yawo yaikulu, a Mtambalika, amenenso anali mkulu wa mpingo. Anamwa ndithu, mpaka kupukuta pakamwa. Atatsiriza ndi pamene anachizunguza m'manja n'kuitanitsa mayi.

"Mayi, chikho ichi mwachitenga kuti?"

"N'cha malemu bambo anga."

"Cha bambo anu? Nanga cha mgonero chija chinasowa m'tchalitchi mwezi wathawu, chinachoka chokha?"

Chikho cha mpingo chinali chitasowadi, ndipo mayi anga anali m'gulu la amayi osesa m'tchalitchi. Chinabwera ndi mmishonale wa ku Skotilande nkhondo yachiwiri itatha, chatsopano, m'bokosi limodzi ndi mbale ya mkate. Anthu ankachiona kanayi pa chaka, nakonso maso atatsinzina ndi pemphero. Komabe akulu asanu ndi mmodzi anakhala pa bwalo la mpingo n'kugwirizana kuti n'chomwecho. Umboni wawo unali umodzi wokha: mkazi wamasiye wa nyumba yaudzu angakhale bwanji ndi siliva? Analanda chikho, anawadula mayi mgonero, nanena kuti akadzalapa pamaso pa mpingo adzabwezedwa. Akapanda kulapa, pamaliro awo sipadzamveka nyimbo. Ukwati wanga unathera pomwepo, thobwa lisanasase n'komwe.

"Ndilape chiyani?" anatero mayi tili awiri. "Ndikalapa bodza, ndiye kuti ndachimwa zenizeni tsopano."

Ine ndinkakumbuka chinthu chimodzi. Kunsi kwa mwendo wa chikhocho kunali kadzenje, ndipo m'kadzenjemo munali kachithunzi kochepa ngati njere ya mapira, konga nkhuku ya miyendo yaitali ikuthamanga. Ndinapita kukawauza akuluwo kuti achitembenuze aone. Palibe amene anachitembenuza. A Mtambalika anafunsa ngati masiku ano nkhuku zayamba kuperekera umboni, anzawo n'kuseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko ndimakumvabe.

Ndinawauza mayi kuti ndikupita kukafunsa kwa odziwa kuti kankhuku kaja n'ka yani. Anandimangira mbatata ziwiri zootcha.

"Ukakapeza, ubwere ndikadali ndi maso."

Zaka zimene zinatsatira sinditha kuzindandalika. Pena ndimaona ngati sindinayende n'komwe, ndinangoima pa msewu umodzi wofiira, midzi ndi matauni n'kumandidutsa zokha. Kulikonse kumene ndinafika kunali khomo la kuseri, ndipo pakhomopo pankakhala munthu atakhalira ndowa yovundikira. Nkhope zinkasintha, koma ndowa inkaoneka yomweyo, funsonso linali lomwelo.

"Umatha kutsuka?"

"Ndimatha."

Woyamba kundifunsa anali a Mwakasungula, khukhi wa pa hotela ina pamwamba pa phiri, pakati pa minda ya tiyi, kumene nkhungu inkalowa mpaka m'khitchini. Anandipatsa dengu la masupuni ndi mafoloko othimbirira. Ine mwana wa a Nangozo, amene mapoto awo anthu ankadzionerapo nkhope, ndinatsika nalo kumtsinje. Ndinatapa mchenga wabwino n'kukwecha ndi mtima wonse, monga mkazi aliyense wa kwathu akanachitira. Ndinabwerako dzuwa litapendeka, ndikuyembekezera kuyamikiridwa.

A Mwakasungula anatola supuni imodzi, anaiyang'ana, n'kukhala pansi pa thumba la makala.

"Mwana iwe, wandisendera ana anga amoyo."

"Si awala, bambo?"

"Awala lero. Taona apa." Anandionetsa kumsana kwa supuniyo, pamene panayamba kuoneka chikasu. "Siliva wa pa zinthu izi ndi khungu chabe, lopyapyala kuposa la anyezi. M'katimu ndi chitsulo china. Inu kwanu mumatsuka ngati mukulanga chinthu."

Sanandithamangitse. Anandiphunzitsa kusefa phulusa pa nsalu katatu, kulinyowetsa pang'ono, n'kumapukuta ndi kansanza kofewa osalimbikira dzanja. Koposa zonse anandiphunzitsa kutembenuza. Chinthu chilichonse cha patebulo, anatero, chili ndi dzina la kwawo kumsana, kungoti anthu amathera kuyang'ana kumaso. Ukaona zilembo zinayi, E, P, N ndi S, n'cha ku Mangalande kapena kwa anansi awo, ndipo n'chokutira. Ukaona nambala, 60 kapena 90 kapena 100, kawirikawiri n'cha ku Jeremani, ndipo nambalayo imanena kulemera kwa siliva amene anakutira masupuni khumi ndi awiri ndi mafoloko khumi ndi awiri. Ndinawafunsa za nkhuku yanga. Anati anaionapo pa ketulo ina ali mwana, kwawo kufupi ndi malire, koma sanadziwe tanthauzo lake.

"Maso anga atha. Ukafunse okonza mawotchi, ndiwo amaona tinthu tating'ono."

Ndinakhala kumeneko mvula zitatu, mwina zisanu. Kenaka hotelayo inagulidwa ndi munthu wina wofulumira, amene anaona kuti phulusa likuchedwetsa ntchito. Anabweretsa waya wotsukira mapoto, mtolo wathunthu. M'miyezi iwiri masupuni onse anali achikasu, ndipo iye ankauza alendo monyadira kuti ndi akale kwambiri, n'chifukwa chake asintha mtundu. A Mwakasungula anavula epuloni yawo, anaipinda bwinobwino, n'kutsika phiri osatsanzika. Ine ndinatsikira mbali ina.

Ndinafika m'tauni ya njanji, kumene sitima inkalira tsiku lililonse koma sindinaionepo ikufika. Kuseri kwa sitolo ina kunali khomo, pakhomopo ndowa, pandowapo bambo wa kofia yoyera, kagalasi katakanirira pa diso limodzi. Anali a Twaibu, okonza mawotchi.

"Umatha kutsuka?"

"Ndimatha, koma osati ndi mchenga."

Anachotsa kagalasiko n'kundiyang'ana ndi maso onse awiri. "Khala pansi," anatero.

Inali nthawi imene azungu ambiri ankabwerera kwawo, akusiyira antchito awo timakapu ndi timathireyi m'malo mwa zikomo. Anthuwo ankabwera nazo kwa a Twaibu kudzafunsa ngati asiyiridwa chuma kapena zinyalala. Ine ndinkapukuta, iwo n'kumawerenga. Tsiku loyamba kundibwereka kagalasi kawo ndinachita mantha, chifukwa timadontho timene ndinkati n'tokanda tinasanduka zilembo zikuluzikulu, zoima bwinobwino, zina zili ndi timipanda tawo.

"Ukaona kamwezi ndi chisoti chachifumu, pambali pali 800, ameneyo ndi siliva mpaka mumtima, wa ku Jeremani," anatero. "Kamwezi kakasowa, ndiye kuti wangovala. Koma usamunyoze wovalayo. Nayenso ali ndi kwawo ndi zaka zake."

M'mawa wina kunabwera nkhalamba ina yosamalira maluwa, itanyamula kambale ka shuga. Ndinakatembenuza mwa chizolowezi, n'kuika kagalasi pa diso. Kankhuku kaja kanali pomwepo, kakuthamanga, khosi litatambasuka, m'kati mwa kampanda ka ngodya zinayi koimirira pa nsonga.

"Nkhuku yanga!" ndinafuula.

A Twaibu anasuzumira. "Nkhuku? Iwe, nkhuku ya kwanu imatalika khosi chonchi? Imeneyi ndi nthiwatiwa."

Anatulutsa kope lakale limene anajambulamo zidindo zambiri, zimene anaphunzira kwa bulazala wina wa ku Jeremani yemwe ankakonza mawotchi pa chipatala cha mishoni. Anandionetsa ndi chala mmene chidindo cha fakitale imodzi chinkasinthira ndi zaka, ngati nkhope ya munthu. Mbalameyi ankaidinda nkhondo yoyamba isanayambe ndi zaka zingapo itatha. Yachiwiri isanafike n'kuti atasiya kale, akudinda zilembo zokhazokha. Ndipo ukapeza mawu otchula mbali ya kumadzulo ya dzikolo, ndiye kuti n'cha nthawi imene dziko lawo linagawidwa pawiri, chadzulodzuloli.

Ndinawafunsa kawiri kuti nditsimikize. Chikho chokhala ndi nthiwatiwa sichikanabwera chatsopano kuchokera ku Skotilande nkhondo yachiwiri itatha. Chinali cha dziko lina ndiponso cha nthawi ina. Ndinalira pakhonde pomwepo, nkhalamba ya maluwa ija ikuganiza kuti ndikulirira kambale kake.

Ndinalembera akulu a mpingo kalata, ndipo a Twaibu anajambulamo mbalameyo ndi dzanja lawo. Yankho linabwera patatha miyezi, mizere iwiri: mpingo suweruza milandu ndi zithunzi za mbalame, ndipo khomo la kulapa likadali lotsegula. Ndinaing'amba kalata yawoyo. Ndinaona kuti mawu a mkazi wosakwatiwa, mwana wa wodulidwa, sangalowe m'makutu amenewo. Pankafunika zinthu zogwirika, zoti ndikaziyale pa tebulo lawo, za ku Mangalande uku, za ku Jeremani uku, mpaka achite manyazi. Nthawi imeneyo ndinkakhulupirirabe kuti anthu otere amachita manyazi.

Tsiku lina ndinapeza pa ndowa ya a Twaibu patakhala munthu wina wogulitsa mabatire. Anati sakudziwa wokonza mawotchi aliyense, ndipo iye wakhala pamenepo chiyambire. Koma anapisa m'thumba n'kundipatsa kapepala kokulunga, nati anauzidwa kuti apatse mayi wotembenuza mbale. M'katimo munali kagalasi kaja.

Ndinayamba kutolera masupuni. Sindinkasamala kuti ndi opindika kapena othyoka, bola kumsana kukhale kowerengeka. Ena ndinawapeza m'madzala a kuseri kwa mahotela, ena m'nyumba zimene ndinkachapa, eni ake atawataya. Imodzi ndinaipeza kwa mayi wina wamasiye kufupi ndi malire a kumpoto, akuomolera mankhwala a nkhuku. Inali ndi nthiwatiwa. Ndinawalimira munda wawo dzinja lonse kuti andipatse. Ndinkasunga onse m'chitini cha mabisiketi, iliyonse yokulungidwa m'kansanza kake.

Chitinicho chinali chitalemera pamene ndinafika m'tauni ya msika, kumene tsiku lililonse linkaoneka ngati Lachitatu. Wokhala pa ndowa anali mwamuna wa mano oyera, ndipo ndowayo anakhoma yekha, chifukwa ntchito yake inali yokhoma zidebe ndi mbaula. Dzina lake Layisoni.

"Mumatha kutsuka, achemwali?" anafunsa akumwetulira.

"Ndatopa nako kutsuka," ndinayankha, ndipo tinalowana.

Sanali munthu woipa, anali chitsiru chabe, ndipo kusiyana kwake sindikukuonanso kwenikweni. Ankadabwa kuti munthu angasunge masupuni ochuluka chonchi n'kumadya ndi manja. Ndinamufotokozera za mayi, za chikho, za khungu lopyapyala, iye n'kumagwedeza mutu ngati akumva. Tsiku lina ndikuchokera ku chigayo ndinamva fungo lachilendo kuseri kwa nyumba. Ndinamupeza atagwada pa mvukuto, thukuta lili kamukamu, chitini changa chili chotsegula, tinsanza tili mbwee pansi. M'phale munali chimtanda chakuda chonyekera.

"Ndimati ndisungunule tipange mphete ndi zibangili," anatero. "Koma siliva wakeyu akukana."

"Ndinakuuzani kangati kuti n'zokutira?"

"Ndimayesa ukundinamiza kuti ndisakhudze."

Ndinafukula makalawo ndi manja kufuna ya nthiwatiwa ija. Ndinangopeza chogwirira chake chitapindika, kumsana kuli see. Zipsera za tsiku limenelo ndili nazo mpaka lero. Layisoni anandilondola mpaka pa siteji ya basi, akulonjeza kuti andigulira masupuni ena atsopano, abwino kuposa akalewo, dazeni yonse. Ndinakwera basi n'kumusiya pomwepo.

Pambuyo pake ndinayenda m'nyumba za anthu olemera, mbiri itamveka kuti kuli mayi wodziwa kuwerenga kumsana kwa mbale. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira phunziro lomaliza, lakuti anthu safuna kudziwa, amafuna kuvomerezedwa. Mkazi wa bwana wina anandionetsa thireyi yaikulu, nati inali ya mfumu ya Ajeremani. Ndinaitembenuza n'kupeza 90 ndi mawu a kumadzulo aja. Ndinamuuza mwaulemu kuti thireyiyo ndi yaing'ono pa zaka kwa mwana wake woyamba. Ananditulutsira khomo la kuseri, agalu ali pambuyo. M'nyumba ina zinachitika chimodzimodzi ndi ketulo, m'nyumba inanso ndi choikapo makandulo. Agalu okha ndiwo ankasintha.

Pa depoti ina mayi wogulitsa nthochi anandiyang'anitsitsa n'kutchula dzina la mudzi wathu. "Si inu mwana wa a Nangozo? Mayi anu maso anachita ng'ala. Mukudikira chiyani?" Ndinadziyang'ana pa zenera la basi n'kuona kuti imvi zandizungulira mutu. Ndinalibe chitini, ndinalibe kope, ndinali ndi kagalasi kokha. Ndinakwera basi yomweyo.

Linali Lamulungu pamene ndinafika. Ndinawapeza mayi atakhala pa chulu kunja kwa tchalitchi, moyang'anizana ndi zenera, akutsatira nyimbo ndi milomo. Anthu anandiuza kuti akhala pamenepo Lamulungu lililonse chichokere ine, mvula kaya dzuwa, mpaka chulucho chinachita kampando. Akulu asanu ndi mmodzi aja onse anali atamwalira, ndipo aliyense anaikidwa ndi nyimbo, makwaya mpaka kusinthana. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja. Anandipapasa kumaso.

"Wachedwa," anatero. "Wakapeza?"

"Ndakapeza, amayi. Si nkhuku. Ndi nthiwatiwa."

"Kaya ndi chiyani. Kawauze."

M'mawa mwake ndinapita kwa abusa atsopano, a Kachingwe, munthu wa msinkhu woti ndikanamubala ine. Ndinawapeza akupukuta njinga yamoto. Anamvetsera nkhani yonse mwaulemu, akuti pepani apa ndi apo, kenaka anatuma kuti akaitane wosunga ziwiya za mgonero. Anabwera mayi wonenepa wansangala, a Esinala, mwana wa malemu a Mtambalika, atanyamula bokosi.

Analitsegula pamaso pathu. Chikhocho chinali chachikasu kuyambira kukamwa mpaka kuphazi, siliva atangotsala m'timakwinya. Maluwa amene anazokotedwa m'mbali mwake anali atafufutika.

"Timachisamalira kwambiri," anatero a Esinala. "Mgonero ukayandikira timapita nacho kumtsinje amayi anayi, kukwecha mpaka manja kuwawa. Chinthu cha Ambuye chisamaoneke chakuda."

Ndinafuna kuwalalatira, koma ndinakumbuka dengu la a Mwakasungula, ndipo ndinameza mawuwo. Ndinachitembenuza chikhocho. Kadzenje ka kunsi kanali katatsekeka ndi mchenga wosakanikirana ndi sopo, wa zaka zonsezo, utauma gwa. Chala cha munthu sichinkafikamo, ndiye ankangoukankhira m'kati. Ndinapempha madzi ofunda ndi munga. Ndinatokosa pang'onopang'ono mpaka chimbulu cha mchengacho chinagwa chonse. M'katimo siliva anali woyera ngati wa dzulo, ndipo nthiwatiwa inali pomwepo, m'kampanda kake, mwendo uli m'mwamba. Malo okhawo amene akhristu analephera kuyeretsa ndi amene anapulumuka.

Ndinatembenuzanso mbale ya mkate. Kumsana kwake kunali kutatha, koma ndi kagalasi ndinaona E, P, ndi theka la N. Mbale ya ku Skotilande, chikho cha ku Jeremani, zosiyana zaka makumi angapo, zitagona m'bokosi limodzi nthawi yonseyi.

"Abusa, taonani," ndinatero, ndikuwapatsira kagalasi. "Ikani pa diso. Muona nokha."

"Ayi mayi, musavutike, ine ndakukhulupirirani."

"Sindikufuna mundikhulupirire. Ndikufuna muone."

Anaseka mokoma mtima n'kuyang'ana wotchi yawo. "Zakalezi tisamazikumbe kwambiri, mayi. Amene anaweruza anapita, ndipo ana awo ali mumpingo momwemuno. Lamulungu likubwerali kuli mgonero. Abwere agogowo, tikonza zonse."

A Esinala nawonso anakana kagalasiko, akuti maso awo amatuluka misozi. Ndinayenda zaka zonse zija kuti munthu mmodzi yekha aike diso pamenepo, ndipo anandikana mwaulemu, ndi mawu ofewa. Ndinalakalaka akanandiseka ngati akale aja, chifukwa woseka umatha kukangana naye.

Lamulungu mayi anavala chitenje chawo chosungira maliro, nati palibe chifukwa chochidikiritsa. Ndinawatsogolera mpaka pa benchi ya kutsogolo. Anthu ankatembenuka, achinyamata akufunsana kuti gogo wa pachulu walowa bwanji. Itakwana nthawi ya zolengeza, abusa anaimirira nkhope ili yowala.

"Abale ndi alongo, lero ndi tsiku lachisangalalo. Agogo athu a Nangozo, amene anakhala kunja kwa khola zaka zambiri chifukwa cha nkhani ina yakale, lero abwerera. Mpingo wawakhululukira."

Kunamveka nthungululu. Ine ndinayamba kuimirira, koma dzanja la mayi linandigwira pa bondo, lolimba ngati la munthu wolima. Ndinakhala pansi. Wawakhululukira! Za nthiwatiwa sanatchule, za Skotilande sanatchule, mawu akuti tinalakwa sanatuluke. Anawabweza monga wakuba amene wakalamba moti sangabenso.

Mkate unadutsa, mayi anatenga n'kudya. Kenaka a Esinala anathandiza mkulu wina wa mpingo kufikitsa chikho pa benchi yathu, n'kuchiika m'manja mwa mayi chifukwa cha maso awo. Mayi anachigwira ndi manja awiri. Anachipapasa kukamwa, anatsika ndi mwendo wake, nalowetsa kachala kakang'ono m'kadzenje kaja. Anakhala choncho kanthawi, nyimbo ikupitirira. Kenaka anamwa, osati kungonyowetsa milomo monga amachitira onse, koma kugugudiza mpaka kutha. Anapukuta m'kati ndi nsonga ya chitenje, anachikulunga, n'kuchipanira m'khwapa.

Mkulu wa mpingoyo anali atatambasulabe manja, akudikira. Nyimbo inayamba kuzima kuyambira kutsogolo, benchi ndi benchi.

"Ndidzutse," anatero mayi kwa ine.

Ndinawadzutsa. Abusa anatsika pa guwa akumwetulira mwamantha. "Agogo, chikhocho chipitirire kwa anzanu."

"Chakhala chikupitirira kwa anzanga zaka zokwanira, abusa. N'cha bambo anga. Zikomo pondisungira."

Tinayamba kuyenda pakati pa mabenchi. A Esinala anatithamangira, akunong'ona mokweza moti tchalitchi chonse chinamva. "Amayi, ganizani bwino. Angokubwezani kumene lero. Mukatuluka nacho akudulaninso, ndipo pamaliro anu sitidzaimba."

Mayi anaima, natembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo.

"Ine ndidzakhala ndikumva?"

Tinafika pakhomo, dzuwa linatiomba kumaso, ndipo ndinamva mabenchi akukwekwereka kumbuyo, anthu akuunjikana m'mazenera. Ine ndinayamba kuwakoka mayi kuti tifulumire. Mayi anandibweza ndi chigongono.

"Ukuthamangira kuti? Amathamanga ndi akuba. Yenda pang'onopang'ono, ationetsetse."